Che Zubairu ndi Kandege Kamene Kanavinidwa

Anthu amene amanena kuti munthu sangagwire ntchito ziwiri zodana sanakumane ndi Che Zubairu Amidu a ku Nselema, ndipo akanachita bwino kukhala chete kufikira atakumana nawo. Kwa chilimwe chathunthu bambo ameneyu anali mlonda wa chinsinsi chachikulu koposa m'dera lawo, komanso wonyamula chikwama cha makina amene anagulidwa kuti m'tchire musakhale chobisika. Ntchito zonse ziwiri ankazigwira ndi mtima wonse, ndipo vuto linayambira pomwepo.

Anabadwira kuseri kwa msika, kwa mayi wogulitsa mchere. Sukulu anaisiya atangodziwa kulemba dzina lawo, poona kuti zotsalazo zinali kungobwereza zilembo zomwezo m'dongosolo lina. Anayesa kabaza, koma njinga inathyoka foloko pamtsetse atanyamula shehe, ndipo palibe anakweranso. Anayesa kupikula nsomba ku nyanja ya Chiuta, koma munthu wokonda ndiwo sasungitsidwa dengu la matemba. Anapita ku Joni monga anzawo onse, nabwerako pa ndege ya boma la eni dziko, atavala malaya omwe anapita nawo. Za ulendowo ankangonena chinthu chimodzi: kuti ukakhala m'mwamba, mpanda uliwonse umaoneka ngati mbale yosavundikira.

Ulemu unawapeza mochedwa, ndipo unadzera ku maliro. Amjomba awo, mlongo wa mayi awo, anamwalira n'kuwasiyira udindo wa nakanga. Nakanga ndiye mwini ndagala, msasa wa udzu umene anyamata amakhalamo kutchire pa nthawi ya jando. Iye sagwira mpeni. Mpeni ndi wa ngaliba, amene amachita mdulidwe. Chake n'kuona kuti anamwali adya, kuti moto wa pakati pa msasa suzima, ndipo koposa zonse kuti diso la mkazi kapena la mwamuna wosavinidwa lisaone za m'katimo. Ndagala ya amjombawo inali isanaonedwepo chiyambire. Che Zubairu ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene idzaonedwe, makolo adzatenga ana awo kupita nawo kwa nakanga wa kutsidya, ndipo dzina la amjomba lidzafera m'manja mwa munthu yemwe uja anagwetsa shehe.

Chaka chomwecho bungwe lina losamalira nkhalango, lokhala ndi ofesi ku Balaka, linabweretsa droni, kandege kopanda wokwera, koti kazifufuza moto wolusa m'mapiri. Kanali ndi diso loona kutentha, ndipo paliponse pofunda pankaoneka pofiira pa galasi la wokaulutsa. Wokaulutsayo anali Matilda Namakhwa, mtsikana wa ku Nkaya, mwana wa wogwira ntchito panjanji. Pankafunika munthu wonyamula chikwama chake kukwera nacho phiri ndi kugwira ambulera kuti dzuwa lisathwanime pagalasi. Amuna ambiri anafunsira. Anasankhidwa Che Zubairu, chifukwa ndi okhawo amene anakwerapo ndege.

Pano n'koyenera kunena chilungamo, ngakhale chiwawe. Moto wa kuno sufuna kufufuzidwa. Aliyense ku Nselema amadziwiratu dzulo lake kuti mawa kuyaka phiri liti, ndiponso kuti machesi ali m'thumba la yani. Asilamu amaloza osaka mbewa, osaka mbewa amaloza owotcha makala, ndipo onse pamodzi amathandizana kuloza mphepo. Chimene chimasowa si diso ayi, ndi pakamwa. Komabe kandege kanagulidwa, ndipo chinthu chogulidwa chiyenera kuuluka.

Sukulu zitatsekedwa, ndagala inamangidwa m'nkhalango ya kumtsinje, kumunsi kwenikweni kwa phiri limene Matilda ankaulutsirapo. M'mawa woyamba pagalasi panaoneka kadontho kofiira.

"Apa pali chiyani, Che Zubairu?"

"Mwala, achemwali. Umasunga dzuwa la dzulo."

M'mawa mwake kadontho kanali pomwepo.

"Mwala uja sukuzizira?"

"Lero ndi ng'ombe. Zimakonda kugona pamwalapo."

Tsiku lotsatira anapendeketsa ambulera kuti dzuwa ligwere pagalasi, nayamba kukamba za mtengo wa feteleza. Matilda anawongola ambulerayo ndi chala chimodzi, osawayang'ana.

"Ine ndinakulira ku Nkaya, osati ku Ulaya. Nyimbo zanuzo zikumveka mpaka pano. Ndimangofuna ndione kuti mabodza anu athera pati."

"Atsala awiri," anavomera Che Zubairu.

"Asungeni. Ine kumeneko sindipitako, ndiponso sindikufuna kuonako. Ndizikalambalala. Koma dziwani kuti kadontho kameneka kamafika ku Balaka kokha, popanda kupempha ine kapena inu."

Ndipo kanafikadi. Ku Balaka kunali a Godfrey Mulepa, woyang'anira ntchitoyo, munthu amene anali asanazimepo moto koma anali atakhalapo pa misonkhano yambiri yokamba za moto. Kadontho kosasuntha, kosakula, kosazima, kanawasowetsa mtendere. Anabwera pa galimoto ya bungwe, nakwera phiri atavala nsapato za mu ofesi, ndipo anafika pamwamba akupuma ngati mvukuto.

"Matilda, lamulo ndi lakuti kofiira kalikonse tikaone pafupi. Katsitseni."

"Kumeneko kuli jando, bwana."

"Pa mapu palibe jando. Bweretsani kuno."

Analanda choulutsiracho. Matilda anatembenuka n'kuyang'ana kumadzulo, manja atapinda, monga mkazi aliyense woleredwa bwino akanachitira. Che Zubairu anaona mitengo ya kumtsinje ikukula pagalasi, ndipo anaona amjomba awo akutembenuka m'manda. Anavula kofiya yawo n'kuivundikira pagalasipo.

"Chotsani chisoti, bambo inu."

"Dzuwa, bwana. Ambulera yachepa."

A Godfrey anakoka kofiya, Che Zubairu anakanikiza, ndipo pa kulimbanako chala cha bwana chinatsamira kamtengo kotsitsira. Kumtsinje kunamveka mfuu ya anyamata ambiri. Kenako kulira kwa kandege kunaleka.

Che Zubairu anatsika phiri liwiro limene sanathamangepo chibwerere ku Joni. Anapeza kandege kali chagada pafupi ndi moto, ndipo Che Bakari, ngaliba wa ndagalayo, nkhalamba yowonda yosaseka ndi munthu, ataimirira pambali ndi nsungwi imene anakakanthira. Akuluakulu a mumsasa anali atazungulira kale.

"Katundu wanu uyu," anatero Che Bakari. "Mapanga awiri avumbwitsa, tinakuuzani. Kaona zonse. Kaona ine, kaona ana. Tikaphwanye."

"Mukakaphwanya kubwera apolisi," anayankha Che Zubairu, "ndipo apolisi a masiku ano ena amavala siketi. Adzalowa muno ndi makope awo."

"Ndiye mukabweze, kakanene."

Che Zubairu anali munthu wolephera zambiri, koma pa mkangano anali asanagonjepo, pakuti amene walephera kawirikawiri amaphunzira kufotokoza. Anakhala pansi, napempha kuti afunse funso limodzi.

"Mwambo umati chiyani za wosavinidwa amene walowa mu ndagala mosaitanidwa?"

"Satuluka," anatero mmodzi. "Amavinidwa, afune asafune."

"Nanga wovinidwa amaulula za muno?"

"Iyayi."

"Ndiye mlandu uli pati?"

Akuluakulu anayang'anana. Mkulu wina, amene anaphunzirako pang'ono, anati nkhaniyo ikanakhala yosavuta kakanakhala kamuna, koma kameneka kamalira ngati udzudzu, ndipo anamva pa wailesi kuti udzudzu woluma ndi waukazi. Wina anati kamagona m'chipinda cha mtsikana uja, choncho ndi kakazi. Wina anati chimenecho ndiye umboni wakuti ndi kamuna. Anakatembenuza, anakayang'ana kunsi, osapeza chogamulira.

"Ine ndakanyamula chilimwe chino chonse," anatero Che Zubairu, "ndipo khalidwe lake ndikulidziwa. Sikaphika. Sikatunga madzi. Kamachoka m'mawa kukayang'ana za eni, kamabwera kali ndi njala, kamadyetsedwa ndi mkazi, kenako kamagona. Amene akuti kameneka ndi kakazi aimirire atiuze kuti iyeyo amatani kunyumba kwake."

Palibe anaimirira.

Masana omwewo Che Zubairu anapita kumalire a ndagala, pamene pamamangidwa nsanza yofiira kuti odutsa abwerere. A Godfrey anali ataima pamenepo, Matilda ali chapatali kumbuyo kwawo.

"Katundu wa bungwe ali kuti?"

"Ali bwino, bwana. Walowa chinamwali. Atuluka pamodzi ndi anzake."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kukumangitsani?"

"Mukhoza. Koma bwanji kuvutitsa apolisi? Njira ndi iyi, lowani mukatenge nokha. Palibe akuletseni kulowa." Kenako anatsitsa mawu. "Kaya kwanu munapitako kutchire, bwana?"

A Godfrey anayang'ana nsanza yofiira ija. Kuseri kwa mitengo kunkamveka munthu akunola chitsulo pamwala, mosafulumira. Anakumbukiranso kuti chikalata choulutsira kandege chinali cha Matilda, osati chawo, ndipo kuti nkhani ikafika patali funso loyamba lidzakhala lakuti chala chinali cha yani.

"Atuluka liti?" anafunsa.

"Sukulu zisanatsegulidwe."

"Ndikanena kuti kali kokonzedwa."

"Simunama," anatero Che Zubairu.

Bwana atatembenuka, Matilda anayandikira, maso ali pansi.

"Kunsi kwa mimba yake kuli kachitseko. M'katimo muli memore, kakang'ono ngati chikhadabo. Zonse zimene kaona zili mmenemo. Mukachotsa, nkhani yatha. Ndipo batire isakhale yopanda moto nthawi yaitali, imafa."

Che Zubairu anabwerera akuyamika Mulungu. Pa thupi la namwali palibe amachotsapo kanthu kupatula ngaliba, choncho anafotokozera Che Bakari za kachitseko ndi memore, mosamala, kawiri. Cholakwa chawo chinali chimodzi: anatchula amene anawauza.

"Mtsikana," anatero Che Bakari. "Mtsikana wa ku Nkaya andiuze ine podula."

Anakanyamula n'kupita nako kuseri kwa msasa, anyamata akuimba mokweza monga amachitira kuti kulira kusamveke. Pobwera anali atanyamula kansonga ka mwendo umodzi wa kandege, kamene anakakwirira pamalo ake oyenera. Kachitseko kanali kotseka monga kale.

"Che Bakari, memore ija."

"Ntchito yatha. Munthu savinidwa kawiri."

Wina anganene kuti Che Zubairu akanangodikira anthu apite kumtsinje, n'kutsegula kachitsekoko ndi chikhadabo chawo. Wonena zimenezi sanamvetse munthu amene tikukamba. Iwo ndiwo anaimirira pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti kandege ndi namwali. Kukagwira m'mimba kukanakhala kuvomera kuti ndi chitsulo chabe, ndipo ngati ndi chitsulo chabe, ndiye kuti ndagala ya amjomba inaonedwa ndi mlendo amene sanavinidwe. Mfundo imene inawapulumutsa ndi yomwe inawamanga manja. Anakhala masabata onsewo akudziwa kuti chinsinsi chonse chagona pamphasa pakati pa anamwali, chitafundidwa chiguduli, chikudikira kubwerera ku Balaka.

Pa zina zonse namwali watsopanoyo sanavute. Sankalira, sankafuna amake, ndipo alangizi ankamuloza podzudzula anzake: taonani mnzanuyu, chidulidwire sanadandaule. Ankamukhazika pamzere pophunzitsa nyimbo ndi malangizo a kulemekeza akulu. Che Zubairu ankakhala naye pambali masana, anzake akasamba, n'kumamubwerezera lamulo limodzi lokha, m'Chiyao ndi m'Chichewa, poopa kuti mwina chimodzi sachimva.

Chakudya cha anamwali amaphika ndi amayi awo, n'kukachisiya kumalire. Choncho Matilda ankafika pamzere wa amayi ndi mbale yake yovundikira, yomangidwa m'kansalu, m'katimo muli batire yodzaza moto. Poyamba amayi anzake ankamuseka. Kenako anayamba kumusungira malo.

"Wanu akudya bwino?" ankamufunsa.

"Akuti samasiya."

"Mwayi wanu. Wanga amabweza nyemba."

M'masabata amenewo mapiri anapsa monga amapsera chaka chilichonse, ndipo anthu anauona motowo ndi maso awo monga amauonera chaka chilichonse. A Godfrey anauza akuluakulu awo kuti nyengoyo inali yabata, pakuti palibe kadontho kanafika.

Tsiku lotuluka, dzuwa litangotuluka, ndagala imatenthedwa, ndipo anamwali amathamangira kumtsinje osacheuka. Wocheuka amaitana tsoka pa mtundu wake. Che Zubairu anayatsa udzu ndi dzanja lawo. Kenako anasenza kandege pamutu, diso lake litaloza kutsogolo, nathamanga pambuyo pa anyamata. Unali moto waukulu koposa m'chigwa chonsecho chaka chimenecho, malawi opitirira mitengo, utsi wooneka mpaka kumsika, ndipo makina ofufuzira moto anali ataufulatira monga mwana womvera.

Anamwali analowa m'mudzi atavala zatsopano, nkhope zitaphimbidwa, aliyense ndi dzina latsopano. Kandege anakaveka kofiya yosokedwa ndi telala wa pamsika, nakatcha Che Twalibu. Matilda anavundukula nkhope ya kandegeko monga amayi onse, amayi anzake akululutira. Anauzidwa kuti kuyambira tsikulo mwana wake ndi mwamuna, sagonanso m'chipinda cha amake. Chikwama chizisungidwa kwa Che Zubairu.

A Godfrey anafika m'mawa mwake kudzaona katundu wa bungwe. Anakhala pakhonde la sitolo ina, natsegula kompyuta yawo, natsegula kachitseko kaja mosavuta, natulutsa memore. Che Bakari anali atabwera kudzaona ntchito ya manja awo. Che Zubairu anaima kumbuyo. Anaganiza zogwetsa kompyutayo, anaganiza zokomoka, anaganiza za nakanga wa kutsidya akulandira ana a ku Nselema ndi manja awiri.

"Ine ndikagule madzi," anatero Matilda, nalowa m'sitolo.

A Godfrey anayang'anitsitsa. Kandege kanali kakujambula ndi diso lake la kutentha lokha, ndipo pagalasi panalibe nkhope, panalibe msasa, panalibe thupi la munthu. Panali chibulunga choyera cha moto pakati, ndi tizibulunga tofiira tambirimbiri titachizungulira, tina titagona, tina tikudumphadumpha. Kenako chofiira china chachitali chinayandikira, chithunzi chinagwedezeka, n'kuda bii.

Bwana anabwereza kawiri, kenako anaseka.

"Mbuzi. Zonsezi, masabata onsewa, mbuzi zikuwotha moto wa abusa. Taonani, Che Zubairu. Ndipo uyu ndi tonde. Tonde ndi amene anakagunda."

Che Bakari anasuntha phazi. Che Zubairu anawagwira mkono wa malaya.

"Ndi tonde ndithu, bwana," anatero. "Wokalamba. Amavuta."

"Nanga jando lija munkanena?"

"Linali chapatsidya pang'ono."

A Godfrey anatseka kompyuta ali okhutira, pakuti munthu wophunzira akapeza yankho ndi maso ake salola kuti wina amulande. Anadandaula pang'ono za mwendo wofupika, nati mwina ndi tonde yemweyo, nakwera galimoto.

Che Bakari anadikira fumbi lithe.

"Zaka zonsezi ndagwira mpeni m'dera lino, ndipo lero ndalembedwa ku Balaka kuti ndine tonde. Inu mwavomera."

"Mukufuna ndiwaitane abwerere, ndiwafotokozere kuti tizibulunga tija ndi yani, ndipo timatani?"

Che Zubairu analoza kandege kaja.

"Mwanayo wafunsidwa ndi wosavinidwa, pamaso pa anthu, kuti unaona chiyani kutchire. Wayankha kuti mbuzi. Inu munkafuna anene chiyani? Ana angati mwa ana anu akanayankha bwino chotero?"

Che Bakari anayang'anitsitsa kandege kamene kanakhala pakhondepo kopendekera mbali imodzi.

"Ndinadula pabwino," anatero potsiriza.

Nkhaniyo inafika kutsidya sabata isanathe, ndipo chilimwe chotsatira makolo a kumeneko anawoloka mtsinje ndi ana awo. Anati ndagala imene imatha kutseka pakamwa pa makina a azungu siingalephere pa mwana wa Sitandade 5. Che Zubairu anachita kukulitsa msasa. Akadali nakanga mpaka lero, ndipo akadali wonyamula chikwama. Sukulu zikatsekedwa, Che Twalibu amaloledwa kuuluka pamwamba pa ndagala monga mwamuna aliyense wovinidwa, kuona ngati moto wa kumapiri ukuyandikira ana. Matilda amaulutsa atafulatira galasi, Che Zubairu akumuuza kumanja ndi kumanzere, ndipo ku Balaka amadabwa kuti mbuzi za ku Nselema zikuswana chotani.